Dziko lathu lili ku Southern Africa, osati ku South Africa

Mawu a Chingerezi akuti south ndi southern amasiyana ndi zilembo zitatu zokha, ndipo munthu akamalankhula mothamanga zilembozo zimamezeka. N'chimodzimodzinso north ndi northern, east ndi eastern, west ndi western. Ambirife, ngakhale amene tinapita patali ndi sukulu, timangotola lililonse limene lafika msanga pakamwa. Koma wina akalemba kuti dziko la Malawi lili ku South Africa wanama, pamene akalemba kuti lili ku Southern Africa wanena zoona. South Africa ndi dziko limodzi, lokhala ndi boma lake, mbendera yake ndi asilikali ake olondera malire. Southern Africa ndi dera lalikulu la mayiko ambiri, ndipo lathuli ndi limodzi mwa mayikowo. Dziko la Lesotho ndiye limaonetsa bwino kusiyanaku. Linazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, koma si gawo la South Africa. Lili ku Southern Africa ngati ife.

Cholakwika chimenechi ndimachipeza kwambiri m'makalata ofunsira ntchito ndi ofunsira malo a sukulu kunja. Mwana wa mchemwali wanga anandibweretsera kalata yake kuti ndimuonere asanaitumize. Inali yolembedwa mosamala, yopanda zofufutafufuta, koma m'ndime yoyamba momwemo munali chiganizo chakuti "I come from Malawi, a small country in South Africa." Ndinaika chala pamenepo n'kumuuza kuti wowerenga wa kunja adzaganiza kuti kwathu kuno ndi chigawo cha dziko la eni, kapena adzaganiza kuti wolembayo sadziwa kumene kwawo kuli.

"Koma amalume, si chimodzimodzi?" anandifunsa. "South ndi kumwera, southern ndi kumweranso. Kusukulu anatiphunzitsa choncho."

Sananame mwanayo. Mawu onse awiriwa tikawabweretsa m'Chichewa amathera pa kumwera, ndipo kalasi ya ana ochuluka, silabasi ikuthamangitsa, siipereka mpata woti mphunzitsi aime pa zilembo zitatu. Komabe ndimaona kuti n'zofunika kuimapo, chifukwa m'kati mwa zilembozo muli nkhani ya malire, ya ndani ali pansi pa ndani, ndi ya anthu amene anafera dzina.

Tiyambe ndi galamala, imene si yovuta. Liwu lakuti south limagwira ntchito zingapo. Likhoza kukhala dzina la mbali, monga akamati the south. Likhoza kuuza kumene munthu akulowera, monga we drove south, kutanthauza kuti tinayenda cholowera kumwera. Likhozanso kuima patsogolo pa dzina lina n'kumatirirana nalo kukhala dzina limodzi. Southern lili ndi ntchito imodzi basi, yofotokoza kuti chinthu n'cha kumwera, kapena kuti ndi mbali ya kumwera ya chinthu chachikulu. Simunganene kuti we drove southern. Kachidutswa ka kumapetoko n'kakalekale, kanalipo m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo. Katchulidwe nako kamasintha, ndipo apa ambiri timapunthwa: southern si "sauthani" ayi. Amayamba ndi "sa" wamfupi, ndipo th wakeyo ndi wofewa, yemwe uja wa mu mother.

Kuti mwanayo amvetse ndinamupatsa chitsanzo cha munda. Munda wa agogo ukakhala umodzi, timanena za mbali yake ya kumwera, kumene kumachita chinyontho, ndi mbali ya kumpoto, kumene kuli miyala. Palibe angakulozereni mzere weniweni pamene mbali ina yathera, chifukwa munda ndi umodzi ndipo mwini wake ndi mmodzi. Ameneyo ndiye southern. Koma tsiku limene amfumu abwera n'kuugawa, khonje n'kubzalidwa pakati, gawo lililonse n'kukhala ndi mwini wake, pamenepo ndiye pabadwa South. Choncho southern Malawi ndi mbali chabe ya Malawi, pamene South Korea ndi dziko loima palokha, la pasipoti yakeyake.

Mbiri ya dzina la South Africa imachitira umboni zimenezi. M'zaka za m'ma 1800 Angerezi ankati South Africa potchula dera lonse la kumwera kwa Africa, osaganiza za dziko limodzi. N'chifukwa chake kampani ya Cecil Rhodes imene inalandira chilolezo cha mfumukazi ya ku Britain mu 1889 inkatchedwa British South Africa Company, chonsecho malo amene inkalamulira ndi amene lero tikuwatcha Zimbabwe ndi Zambia. Apolisi a ku Rhodesia anakhala akutchedwa British South Africa Police mpaka mu 1980. Zinthu zinasintha pa 31 May 1910, pamene madera anayi a Cape, Natal, Transvaal ndi Orange River anaphatikizidwa kukhala Union of South Africa. Dzina limene linali la tonse linatengedwa ndi dziko limodzi. Otsalafe tinafunika lina, ndipo pang'ono ndi pang'ono Southern Africa ndi limene linakhazikika.

Mbali zina za Africa sizinakumane ndi vuto limeneli. Anthu amangoti West Africa, East Africa, North Africa, popanda kuopa kuti wina asokonezeka, chifukwa palibe dziko limene linadzitcha mayina amenewo. Bungwe la ECOWAS, lomwe linakhazikitsidwa mu 1975, ndi la West African States, ndipo la anzathu a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania ndi East African Community. Akafuna kunena dera lotambalala kuposa pamenepo ndi pamene amati Eastern Africa, monga m'dzina la COMESA, Common Market for Eastern and Southern Africa, bungwe limene linayamba ntchito pambuyo pa msonkhano wa ku Lilongwe mu December 1994. Kuno kumwera kokha ndi kumene kusiya zilembo zitatuzo kumakusamutsirani m'dziko lina.

Ndipo panali nthawi imene kusiyana kwa South ndi Southern kunali nkhani ya moyo ndi imfa. Pa 1 April 1980 atsogoleri a mayiko asanu ndi anayi anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa bungwe la SADCC, Southern African Development Coordination Conference. Mayikowo anali Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chachikulu chinali kuchepetsa kudalira South Africa, imene nthawiyo inali pansi pa ulamuliro wa tsankho, makamaka pa njanji, misewu ndi madoko. Tinganene kuti Southern Africa inadzisonkhanitsa pofuna kudziteteza kwa South Africa. Dziko lathu linalowa nawo m'bungwelo ngakhale kuti boma la Kamuzu Banda linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira mu 1967, ndipo ngongole ya kumeneko inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Tinali mwendo kuno mwendo uko, ndipo anansi athu ankaziona zimenezo. Bungwelo linasanduka SADC, Southern African Development Community, pa 17 August 1992 ku Windhoek, ndipo South Africa inalowamo mu 1994, tsankho litagwa. Munthu akamasulira S wa SADC kuti South, wafufuta mbiri yonseyi mosadziwa.

Abale athu okhala ku Joni safuna kuuzidwa kusiyanaku. Amakudziwa pa chipata cha Beitbridge, pa tsiku limene chidindo cha mu pasipoti chatha, pa mwininyumba wofunsa mapepala. Mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa m'makomboni, Amalawi ambiri anabwerera kuno pa mabasi atasiya katundu wawo yense. Onsewo anali ana a Southern Africa, ndipo makolo a ena mwa iwo anakumba nawo golide wa ku Johannesburg pa nthawi ya Wenela. Koma sanali a South Africa, ndipo pa masiku amenewo kusiyana kumeneko ndi kumene kunkawerengedwa. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona mwana wathu akudzilemba yekha kuti ndi wa ku South Africa chifukwa choti palibe anamuuza.

Chitsanzo chomveka bwino kwambiri cha mmene dzina limasinthira malire akaikidwa ndi cha ku Sudan. Kwa zaka zambiri dera la Juba, Wau ndi Malakal linkatchedwa southern Sudan, mbali ya kumwera ya dziko limodzi lolamulidwa kuchokera ku Khartoum. Pangano la mtendere litasainidwa ku Nairobi pa 9 January 2005, pakati pa boma ndi gulu la John Garang, derali linapatsidwa boma lakelake koma likadali m'kati mwa Sudan, ndipo linkatchedwa Government of Southern Sudan. Mu January 2011 anthu anaponya voti, ndipo pafupifupi 99 mwa anthu 100 alionse anasankha kudziimira paokha. Pa 9 July 2011 mbendera yatsopano inakwezedwa ku Juba, ndipo dzikolo linatchedwa South Sudan. Zilembo zitatu zija zinagwa tsiku lomwelo. Kuti zigwe panadutsa nkhondo ziwiri zazitali, ndipo yachiwiri yokha, imene inayamba mu 1983, akuti inapha anthu pafupifupi 2 miliyoni.

Ku Germany zinayenda chobwerera. Kuyambira mu 1949 kunali mayiko awiri, amene m'Chingerezi ankatchedwa East Germany ndi West Germany, ndipo kuyambira mu 1961 mzinda wa Berlin unali ndi khoma pakati. Atagwirizananso pa 3 October 1990, mayina awiriwo anasanduka a m'mabuku a mbiri. Lero wolemba wosamala akamanena za Leipzig kapena Dresden amati eastern Germany, ndi chilembo chaching'ono, chifukwa ndi mbali chabe ya dziko limodzi. Akati East Germany ndiye kuti akunena za dziko lija linatha. Vietnam nayonso ndi chimodzimodzi: kunali North Vietnam ndi South Vietnam, koma lero Hanoi ali ku northern Vietnam.

Ku America kuli nkhani ina imene ndimakonda kuuza ophunzira. Mu 1861 chigawo cha Virginia chinachoka mu mgwirizano wa United States n'kulowa mbali ya zigawo za kumwera zimene zinkafuna kusunga ukapolo. Anthu a maboma a kumapiri, chakumadzulo, anakana kutsatira, ndipo pa 20 June 1863 anakhala chigawo chaochao, West Virginia. Komatu Virginia wotsalayo ali nayobe mbali yake ya kumadzulo, ndipo imeneyo ndiye western Virginia. Kansonga ka Virginia kakumadzulo kwenikweni kanapitirira malo ena alionse a West Virginia. Wotumiza kalata akasokoneza awiriwa, ikagwera m'chigawo china.

Mpaka pano lamulo likuoneka losalala, koma ndikanama ndikati limagwira paliponse. Ku Australia kuli Western Australia ndi South Australia, zigawo ziwiri zofanana mphamvu, chilichonse ndi malire ake ndi nyumba yake ya malamulo, koma china chili ndi zilembo zitatuzo pamene china chilibe. Ku South Africa komweko, chigawo chakale cha Cape chitagawidwa mu 1994 kunabadwa Western Cape, Eastern Cape ndi Northern Cape, koma pafupi pomwepo pali North West. Apa palibe galamala ingakuthandizeni. Dzina ndi dzina, mumaliloweza mmene eni ake analiikira.

Komabe ndaona kuti pamene lamulo likuoneka ngati lathyoka, kawirikawiri dzinalo limakhala likusunga mmene wolipereka ankaonera zinthu pa nthawi yake. Tengani ma Rhodesia awiri aja, kumene agogo athu ambiri anakagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ena osabwereranso mpaka kutchedwa matchona. Northern Rhodesia inapangidwa mu 1911 pophatikiza North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia, ndipo kutsidya kwa Zambezi kunali Southern Rhodesia. Kwa atsamunda awa sanali mayiko awiri oima paokha. Zinali mbali ziwiri za chinthu chimodzi chotchedwa dzina la Rhodes, ndiye northern ndi southern zinakwanira. Northern Rhodesia itakhala Zambia pa 24 October 1964, boma la azungu la ku Salisbury linayamba kudzitcha Rhodesia basi, ndipo pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wosavomerezedwa. Koma boma la Britain, m'malamulo ake, linapitiriza kunena kuti Southern Rhodesia mpaka Zimbabwe atabadwa mu 1980. Kusunga liwu limenelo kunali kunena kuti dzikolo likadali pansi pa ulamuliro wao, Smith afune asafune.

Ku Ireland nkhani yake ikadali yamoto, ndipo abale amene akukhala ku Britain kapena ku Dublin ndi bwino aidziwe. Lamulo la Britain la mu 1920 linagawa chilumbacho pawiri, Northern Ireland ndi Southern Ireland, zonse ziwiri ngati mbali za Ireland mmodzi wokhala pansi pa mfumu ya ku London. Southern Ireland sinakhalitse. Mu 1922 kunabwera Irish Free State, imene pambuyo pake inakhala dziko lodziimira palokha limene lero limangotchedwa Ireland. Choncho mukauza munthu wa ku Cork kuti ndi wa ku Southern Ireland, mwamubwezera pansi pa ulamuliro umene makolo ake anaukana, ndipo ambiri sakondwa nazo. Northern Ireland, ya maboma asanu ndi limodzi, inatsala mu United Kingdom ndipo dzina lake lovomerezeka ndi lomwelo. Koma anthu ambiri a ku Belfast ndi ku Derry amene amafuna Ireland mmodzi salitchula. Amati the North, kapena the North of Ireland, posonyeza kuti kwa iwo ndi kumpoto chabe kwa dziko limodzi. Munthu amadziwika mbali yake ndi mmene watchulira malo amene akukhala. Mapu nawonso amawonjezera chisokonezo, chifukwa Malin Head, malo akumpoto kwenikweni pa chilumba chonsecho, ali ku Donegal, kunja kwa Northern Ireland.

Tibwere kwathu. Zigawo zathu zitatu ndi Northern Region, Central Region ndi Southern Region, ndipo zipani ndi apolisi amanenanso za Eastern Region, ya Zomba, Machinga, Mangochi ndi Balaka. Apa zilembo zitatuzo zilipo chifukwa region ndi liwu wamba lofuna kufotokozedwa, ndipo zigawozo ndi mbali za dziko limodzi. Ku Zambia nakonso Chipata ali ku Eastern Province. Koma madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo tinazolowera kuwamva akutchedwa Dedza East, Mzimba North, Lilongwe South, chifukwa ndi magawo odulidwa ndi malire enieni, lililonse ndi phungu wake. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu amati East Bank ndi West Bank, poti mtsinje wa Shire ndiwo mzere wogawa ndipo palibe angatsutse kuti ali tsidya liti.

Mitsinje iwiri ya Rukuru imaphunzitsa china. North Rukuru amachokera ku Nyika n'kukathira m'nyanja ku Karonga. South Rukuru amadutsa ku Mzimba ndi ku Rumphi. Yonse iwiri ili m'chigawo cha kumpoto. South wa mu South Rukuru sakunena za kumwera kwa Malawi, akungosiyanitsa mtsinjewo ndi mnzake wa dzina lomwelo. Mayina ambiri okhala ndi North ndi South amabwera awiriawiri chonchi, ndipo tanthauzo lake limapezeka poyang'ana mnzakeyo, monga nkhalango zosungirako nyama za North Luangwa ndi South Luangwa ku Zambia.

Nanga wophunzira akalemba kuti North Malawi? Ndimamuwongolera kuti alembe northern Malawi kapena the north of Malawi, ndipo sindichita zimenezi chifukwa cha galamala yokha. Kwa wowerenga wodziwa Chingerezi, North Malawi imamveka ngati North Korea, dziko logawanika. Ife tikudziwa kuti nkhani ya zigawo kuno si yoseweretsa. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa ku zigawo za kwawo, ndipo amene anavutika kwambiri anali a kumpoto, ena atakhala zaka zambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ana awo atabadwira konko. Nkhani ya kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite potengera maboma inatenga zaka anthu akukangana. Anthu ali ndi ufulu wokambirana mmene dziko liyenera kulamuliridwira, ndipo wofuna kunena za kugawa dziko anene poyera akudziwa chimene akunena. Chimene sindifuna n'chakuti mwana aligawe pa pepala mwangozi.

Pali msampha wina woyandikana ndi umenewu, ndipo uwu umatikola chifukwa cha Chichewa chathu chomwe. Timati Karonga ali kumpoto kwa Malawi, timatinso Tanzania ali kumpoto kwa Malawi, ndipo womvera amadziwa yekha kuti wina ali m'kati, wina ali kunja. Chingerezi chimasiyanitsa ziwirizi ndi timawu ting'onoting'ono. Karonga is in the north of Malawi, ndiye kuti ali m'kati. Tanzania is north of Malawi, kapena to the north of Malawi, ndiye kuti ali kunja, kupitirira malire. Wolemba kuti Nsanje is south of Malawi wapereka boma lonse la Nsanje ku Mozambique. Pa mayeso a Geography ana amataya malikisi pamenepa, pomwe yankho ankalidziwa.

Tsono pali liwu lachitatu, southerly, ndi anzake northerly, easterly ndi westerly. Ili ndiye lachinyengo kuposa onse, chifukwa limaloza mbali ziwiri zotsutsana malinga ndi chimene likufotokoza. Galimoto ikamayenda in a southerly direction ikupita kumwera. Koma a southerly wind ndi mphepo yochokera kumwera, yopita kumpoto. Mphepo imatchulidwa ndi kumene yachokera, osati kumene ikupita. A zanyengo akachenjeza za strong south-easterly winds pa nyanja ya Malawi, akunena mwera, mphepo yozizira ija ya miyezi ya June, July ndi August. Wowerenga akaganiza kuti ikulowera kumwera chakum'mawa, wamva chotembenuza.

Kwa asodzi ichi si chinthu chaching'ono. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchoka kumwera kufika kumpoto, ndipo mwera umaomba motsata utali umenewo. Mafunde amayamba ang'ono cha ku Mangochi n'kumakula pamene akupita, kotero kuti pofika ku Nkhata Bay ndi ku Chilumba amakhala atasanduka zimapiri. Bwato lochoka ku Nkhata Bay kulowera ku Nkhotakota tsiku la mwera limakumana nawo maso ndi maso. Ndinaonapo asodzi m'mawa wina pa gombe akuyang'ana nyanja itachita thovu loyera mpaka kutali, mabwato onse atakokeredwa pamtunda, maukonde ali phee pa mchenga. Mkulu wina anauza mnyamata amene ankafuna kuyesa mwayi kuti, "Iwe, usipa sutha. Dikira mphepoyi igone." Iwo sasokoneza kumene mwera umachokera. Ndipo chilankhulo chathu chinachita zomwe Chingerezi chimachita: mpoto ndi mwera ndi mayina a mphepo, ndipo kumpoto ndi kumwera ndi kumene mphepozo zimachokera. Akuluakulu amatinso kuvuma ndi kuzambwe potchula kum'mawa ndi kumadzulo, kutengeranso mphepo. Mphunzitsi atayambira pamenepa, mwana wa ku Salima kapena ku Likoma sangavutike ndi southerly.

Mawu otsalawo savuta. Southward kapena southwards ndi cholowera kumwera, ndipo southbound amanena za ulendo wa basi, sitima kapena ndege. Ilala ikachoka ku Monkey Bay kupita ku Chilumba ili northbound, pobwerera ili southbound. Pa zilembo zazikulu, lembani chachikulu ngati ndi dzina lokhazikika, monga Southern Region kapena South Sudan, ndipo chaching'ono ngati mukungofotokoza, monga southern Malawi kapena the southern end of the lake. Southern Africa ambiri amailemba ndi chachikulu chifukwa inasanduka dzina la dera lodziwika.

Amene ndikuwadandaulira kwambiri ndi omasulira nkhani kuchoka m'Chingerezi kubwera m'Chichewa, chifukwa iwo amalankhula ndi anthu amene sadzaona chimene chinalembedwa poyamba. Kunena kuti SADC ndi bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa n'kolondola. Koma ndamvapo nkhani ya South Sudan ikuwerengedwa kuti "kumwera kwa Sudan", ndipo kutero n'kubwezera dziko lija m'manja mwa Khartoum. Dzina la dziko silimasuliridwa chidutswachidutswa. Tizinena kuti dziko la South Sudan, monga timanenera dziko la South Africa. Sudan wotsalayo ali nako kumwera kwake, zigawo za South Kordofan ndi Blue Nile, ndipo nakonso kwakhala kukumenyedwa nkhondo. Wowerenga nkhani akati kumwera kwa Sudan kwabuka nkhondo, womvera ayenera kudziwa kuti akunena za Kadugli kapena Damazin, osati Juba.